Mtsikana wakana chinkhoswe, akuti nyenyezi zawo sizikugwirizana

Gulu la Akwathu a ku Mulanje, Lachiwiri madzulo

Mayi a Chisomo: Akwathu, mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi nkhani imene yandisowetsa tulo, ndipo mutu umodzi susenza denga. Mwana wa malemu mkulu wanga, amene ndamulera ndekha pano pa Chitakale kuyambira ali Sitandade 4, wakana chinkhoswe. Dzina sinditchula. Tsiku tinapangana kale, Loweruka lomaliza la Ogasiti. Ankhoswe anakumana, nsalu tinakagula ku Limbe, msoti wopereka kuchimuna uli m'khola muno. Dzulo ndikusenda chinangwa kukhitchini, wabwera n'kukhala pakhomo, maso pansi, akuti "Amayi, zija ine ndasiya." Nditafunsa chifukwa wangondipatsa foni. Akuti iye ndi Scorpio, mnyamatayo ndi Leo, ndiye nyenyezi zawo sizigwirizana, m'nyumba mudzakhala ndewu zokhazokha. Anatumizanso K20,000 kwa mayi wina wa pa TikTok kuti amuonere bwino, ndipo mayiyo wamuuza zomwezo. Ndiuzeni, zimenezi n'zoona kapena mwana wanga wabedwa?

Madalitso wa kabaza: Wabedwa amayi. K20,000 ine ndimayenda Limbuli ndi Muloza mpaka msana kuwawa kuti nditsale nayo nditachotsa ya mafuta.

Thoko ku Joni: Achimwene, musafulumire kunyoza. Pepani amayi, ndilankhulako ngakhale ndine mwana. Ine ndine Virgo, ndipo zomwe amalemba za Virgo ndi ine ndendende: wokonda ukhondo, wodandaula msanga, wosafuna kuti ntchito ithere panjira. Chaka chatha foni yanga inagwera m'madzi, ganyu inatha, katundu amene ndinatumizira amayi pa basi anasochera, zonse m'sabata ziwiri. Mnzanga wa kuno anati taona, pulaneti ya Mercury ili pa retrograde, ndiye kuti ikubwerera m'mbuyo. Nditayang'ana zinali zoona. Ndinene kuti zinangochitika?

Akulu a Mpingo a ku Likhubula: Kaya ndi foni kaya ndi ula wa m'chikwama cha sing'anga, kuombeza ndi kuombeza. Mwanayo mupite naye kwa abusa.

Aphunzitsi a ku Chonde: Mayi a Chisomo, pepani ndi zomwe zakugwerani. Ndisanayankhe ndili ndi pempho. Amene akufuna anditumizire kumbali tsiku ndi mwezi wake wobadwa. Usiku uno ndimutumizira mawu onena za khalidwe lake, iye andipatse malikisi kuyambira 0 mpaka 5 malinga ndi mmene amukhudzira. Musaonetsane mpaka mawa.

Thoko ku Joni: Ndatumiza.

Anesi athu: Nanenso, ndili pa naiti ndiye ndiwerenga.

Agogo a ku Muloza: Ine tsiku langa sindilidziwa. Amayi ankangoti ndinabadwa nandolo akuchita maluwa, njala ya 1949 itangodutsa. Pa chiphaso cha unzika chija tinajambulitsa mu 2017 analemba 1 Januwale chifukwa panafunika tsiku. Ndiye nyenyezi yanga ndi iti, ya pachiphaso kapena ya nandolo?

Aphunzitsi a ku Chonde: Tumizani ya pachiphaso yomweyo agogo. Funso lanuli ndi lolemera, tibwereranso.

Lachitatu m'mawa

Aphunzitsi a ku Chonde: Mwadzuka bwanji. Munanditumizira anthu 9. Asanu ndi mmodzi mwandipatsa 5, awiri 4, Madalitso yekha 3. Thoko, ika pano zomwe ndinakutumizira.

Thoko ku Joni: "Ndinu munthu wothandiza ena, koma ambiri amene munawathandiza sakumbukira. Pagulu mumaoneka olimba mtima, koma usiku mumalingalira zinthu zomwe simuuza aliyense. Pali chinthu chimene munachiyamba n'kuchisiyira panjira, ndipo chimakuwawanibe. Mumapirira nthawi yaitali, koma mukatopa ndi munthu mumatoperatu. Ndalama mumaipeza, koma siikhalitsa chifukwa cha mavuto a abale." Ndinalira nditawerenga, aphunzitsi. Sukulu ija ndinasiyira Fomu 3.

Anesi athu: Iii, koma amenewatu ndi mawu anga! Palibe chosiyana ngakhale chimodzi.

Mayi a Chisomo: Anganso ndi omwewa.

Madalitso wa kabaza: Ndi anga omwe. Ndinapereka 3 chifukwa ndinkakayikira, koma kunena zoona pa za abale paja panandilasa.

Aphunzitsi a ku Chonde: Mundikhululukire nonse, makamaka iwe Thoko, sindinafune kukuliza. Mawuwo ndinalemba kamodzi, ndisanaone tsiku la munthu aliyense, n'kutumiza omwewo kwa nonse. Njirayi si yanga. Mu 1948 mphunzitsi wina wa za maganizo a anthu ku America, Bertram Forer, anachita zomwezi ndi ophunzira ake 39. Aliyense anamupatsa pepala n'kumuuza kuti ndi lake yekha, pamene onse analandira mawu amodzimodzi, ambiri mwa iwo otapa m'kabuku ka za nyenyezi kogula pamsewu. Malikisi awo atawaphatikiza anafika pa 4.3 mwa 5. Tayang'ananinso mawu ndakutumiziraniwo. Ndani mwa ife sanathandizepo munthu wosayamika? Ndani kuno kwathu amene ndalama yake siithera pa maliro, fizi ndi matenda a abale? Mawuwo ndi chitenje, aliyense chimamukwana. Iwe Thoko unaikamo wekha Fomu 3 ija, ine sindinkaidziwa. Mayi wa pa TikTok uja amagwira ntchito yomweyi, kungoti iye amalipiritsa.

Thoko ku Joni: Chabwino, pamenepa mwandigwira. Koma inu mwapeka dala. Openda nyenyezi enieni safunsa mwezi wokha, amafuna ola limene unabadwa ndi malo ake, n'kujambula pomwe pulaneti iliyonse inali. Zimenezo ndi zakale kwambiri, sizingakhale zaka zonsezi zili zabodza.

Aphunzitsi a ku Chonde: Zakale ndi zakaledi. Kugawa njira ya dzuwa m'zigawo 12 kunayamba ku Babulo, komwe lero ndi Iraq, zaka pafupifupi 2,500 zapitazo. Agiriki anazitenga, ndipo Ptolemy wa ku Alexandria ku Egypt anazilemba mwadongosolo patapita zaka zoposa 100 Yesu atabadwa. Izi za m'nyuzipepala ndiye ndi za dzana: zinatchuka mu 1930 pamene R. H. Naylor analemba mu Sunday Express ya ku London za tsogolo la mwana wa ku banja lachifumu, Margaret, atangobadwa. Anthu anazikonda, nyuzipepala inaona kuti pali malonda.

Openda enieni ukunenawo anayesedwanso. Mu 1985 magazini ya sayansi ya Nature inatulutsa zomwe Shawn Carlson anapeza ku California. Anatenga akatswiri omwe anzawo ankawalemekeza, ndipo iwo anavomereza okha mmene mayesowo ayendere. Aliyense ankapatsidwa tsiku, ola ndi malo obadwira a munthu, limodzi ndi mapepala atatu ofotokoza khalidwe, limodzi lokha lili la munthuyo. Ankalondola pafupifupi kamodzi pa katatu. Mwana wa Sitandade 1 atatsinzina n'kungoloza angapezenso chimodzimodzi.

Mphatso: Aphunzitsi, nanga zija munkatiuza m'kalasi kuti masiku ake anasuntha?

Aphunzitsi a ku Chonde: Wakumbukira bwino. Dziko likamazungulira limagwedezekanso pang'onopang'ono ngati nguli ikamatha mphamvu, ndipo kugwedezeka kumodzi kumatenga zaka pafupifupi 26,000. Chifukwa cha ichi, masiku amene anaikidwa kalelo anasiyana ndi nyenyezi zenizeni ndi pafupifupi mwezi wathunthu. Mayi a Chisomo, mwanayo ndi mnyamatayo anabadwa liti?

Mayi a Chisomo: Wanga pa 5 Novembala. Mnyamatayo ndamva kuti pa 1 Ogasiti.

Aphunzitsi a ku Chonde: Ndiye taonani. Pa 5 Novembala dzuwa limakhala moyang'anana ndi gulu la nyenyezi la Libra, ku Scorpio limafika chakumapeto kwa mweziwo, n'kukhalako sabata imodzi yokha. Pa 1 Ogasiti limakhala ku Cancer, osati ku Leo. Palinso gulu lina, Ophiuchus, limene dzuwa limadutsamo kumayambiriro kwa Disembala, koma pa foni simulipeza chifukwa 13 sagawika bwino. Openda nyenyezi a ku India amatsata pomwe nyenyezi zilidi, choncho mwana yemweyo iwo angamutchule Libra. Ku China amawerenga chaka, osati mwezi. Mwana mmodzi, mayankho atatu.

China chimene chimandikhudza ine monga wa kuno: masiku amenewa anamangidwa pa nyengo za kumpoto kwa dziko. Leo amati ndi wamoto, ndipo kwawoko Julaye ndi Ogasiti ndi miyezi yotentha. Nanga mwana wobadwira ku Likhubula kumapeto kwa Julaye, chiperoni chitakuta phiri, amayi ake akuotha moto masana? Moto wake ndi uti?

Thoko ku Joni: Nanga Mercury uja? Zinthu zitatu m'sabata ziwiri.

Aphunzitsi a ku Chonde: Mercury sabwerera m'mbuyo. Amazungulira dzuwa m'masiku 88, ife 365, ndiye amatipitirira kawirikawiri. Ukakhala m'minibasi ikupitirira thirakita ya tiyi, thirakita imaoneka ngati ikubwerera pomwe ikupita kutsogolo. Ndi maso chabe. Zimachitika katatu kapena kanayi pachaka, ulendo uliwonse sabata zitatu. Phatikiza, upeza kuti ndi pafupifupi tsiku limodzi pa masiku asanu alionse. Mavuto ena ayenera kugwera mmenemo basi. Ndikufunse mwana wanga: bambo ako anadwala liti, ndipo unayang'ana Mercury?

Thoko ku Joni: Sindinayang'ane. Nthawi imeneyo ndinali ndisanazidziwe.

Anesi athu: Ndiikepo za kuntchito kwanga. Ndakhala ku chipinda cha amayi oyembekezera zaka zambiri. Usiku umodzi ndimatha kulandira ana asanu, ena motsatizana mphindi zochepa, pansi pa denga limodzi. Ena mwa iwo ndimakumana nawo ku sikelo mpaka kukula. Wina ndi wofatsa, wina sakhazikika. Chomwe ndimaona chikuwasiyanitsa ndi ichi: kodi anayamwa mokwanira, analandira katemera, amagona m'masikito, kunyumba kuli chakudya, bambo ndi mayi akukhala bwanji. Ndili ndi mapasa kwa mlongo wanga, anasiyana mphindi 10. Wina ndi wa kwaya, wina tinakamutenga kupolisi kawiri.

Akulu a Mpingo a ku Likhubula: Anesi mwandikumbutsa. Augustine, bishopu wa ku Hippo komwe lero ndi Algeria, wa mu Africa mwathu muno, ali mnyamata ankafunsira kwa openda nyenyezi. Chimodzi mwa zomwe zinamusiyitsa ndi nkhani ya mapasa yomweyi, ndipo ankapereka chitsanzo cha Esau ndi Yakobo. Pa Yesaya 47 mneneri akuuza Babulo kuti openda nyenyezi ake sadzamupulumutsa. Pa Danieli 2 analephera kunena loto la mfumu.

Thoko ku Joni: Koma abambo, anzeru a kum'mawa aja anatsata chiyani? Si nyenyezi?

Akulu a Mpingo a ku Likhubula: Nyenyezi inawalozera malo, mwana wanga. Sinawauze kuti mwanayo adzakhala waukali kapena akwatire ndani. Ndipo atafika ku Yerusalemu anachita kufunsa, yankho linachokera m'malemba. Komabe ndivomere, dzulo ndinayankha mwaukali. Ngakhale m'mipingo mwathu muli anthu olosera amene amaitanitsa ndalama kuti akuuze amene udzakwatirane naye. Amenewonso ndimawakana chimodzimodzi.

Agogo a ku Muloza: Mwalankhula za kusukulu ndi za kutchalitchi, tsono mundimvere ine. Musatichititse manyazi ngati kuti makolo athu sankayang'ana kumwamba. Ankayang'ana kuposa inu a magetsi. Ine agogo anga aamuna ankandidzutsa usikusiku kundionetsa Nthanda, ikatuluka ndiye kuti tinyamule makasu, kunja kwatsala pang'ono kucha. Ankandionetsa Nsangwe, tinyenyezi tounjikana ngati anapiye. Zikayamba kuoneka kum'mawa m'bandakucha ndiye kuti chisanu chafika. Zikamatuluka dzuwa litangolowa, ndiye kuti munda ukhale utasosedwa, mbewu zikhale pafupi, mvula ili panjira. Pambuyo pake pamabwera Akamwiniatsatana, zitatu zija zondondozana. Mlalang'amba tinkaudziwa. Kodi aphunzitsi, zimenezinso mukuti n'zabodza?

Aphunzitsi a ku Chonde: Ayi agogo, zimenezo n'zoona, ndipo ndimalakalaka ana anga a sukulu akanazidziwa. Nsangwe ndi zomwe m'mabuku timati Pleiades, Akamwiniatsatana ndi lamba wa Orion, Nthanda ndi pulaneti ya Venus. Dziko likamazungulira dzuwa, nyenyezi zomwe timaona usiku zimasintha ndi miyezi, chaka ndi chaka osaphonya. Nsangwe zimatulukadi madzulo mu Novembala, nthawi yomwe mvula imayandikira kuno. Agogo anu ankawerenga kalendala yolembedwa kumwamba. Nsangwe sizibweretsa mvula, monga tambala sabweretsa dzuwa, koma zimakuuza nthawi. Ndipo ukhoza kuziyesa: ukadikira, uona ngati zachitika kapena ayi.

Agogo a ku Muloza: Ndi zomwe ndimafuna kumva. Chifukwa agogo angawo, ndi kudziwa konse kuja, sindinawamvepo akuti uyu asakwatire uyu chifukwa cha Nsangwe. Za ukwati ankafunsa kuti mnyamatayo ndi wa kwa yani, amalima kodi, akaledzera amatani, amayi ake amawalankhula bwanji. Ankatuma munthu kukakhala kumudzi kwawoko masiku awiri n'kumamvetsera.

Madalitso wa kabaza: Ine chimene chinandichotsa chikhulupiriro pa zolosera zonse ndi namondwe wa Freddy. Malichi 2023 sindidzaiwala. Ruo atadzaza, phiri likugumuka, anthu amene ndinkawanyamula tsiku ndi tsiku ena sitinawaonenso. M'midzi munapita a miyezi yonse, wa Januwale ndi wa Okutobala limodzi. Amene anatichenjeza kusanachitike ndi a zanyengo pa wailesi, ankanena kuti namondwe akubwera kuchokera ku Mozambique. Pa foni ya mkazi wanga sabata imeneyo ankangolemba za chikondi ndi mwayi wa ndalama.

Anesi athu: Zoona achimwene. Mulungu awasunge amene anatsala.

Thoko ku Joni: Pamenepo ndilibe mawu. Koma ndiloleni ndinene chimodzi, osati choteteza nyenyezi. Nonse mukuyankha funso lakuti kodi n'zoona. Palibe amene wafunsa kuti mtsikanayu anapitirako chiyani. Ine ndinayamba kuwerenga zimenezi nditafika kuno, ndili ndekha m'kachipinda, wopanda wondifunsa kuti wadzuka bwanji. Foni inali yokhayo yondiuza kuti mawa kuli chiyani. Munthu amene ali pa mtendere ndi chibwenzi chake satulutsa K20,000 kuti akafunse ngati akugwirizana. Amayi, mtsikanayu analipira kuti wina amuuze zimene mtima wake ukudziwa kale. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mufunseni bwino, osati za Scorpio.

Agogo a ku Muloza: Mwana uyu walankhula kuposa tonse.

Anesi athu: Ndipo mukamufunsa musakhale ndi ankhoswe kapena abambo pafupi. Inu nokha awiri, muli ndi ntchito m'manja, kaya mukusankha nyemba. Musayambe ndi za nsalu kapena za manyazi kwa anthu. Mungomufunsa kuti akakhala ndi mnyamatayo amamva bwanji.

Mayi a Chisomo: Ndamva. Ine ndinathamangira kukalipa za ndalama ndi za tsiku. Ndiyesa madzulo ano.

Lachinayi

Mayi a Chisomo: Akwathu, ndabwera. Dzulo ndinamutenga kuti tikathyole chigwada kumunda kuseri, dzuwa likulowa. Tinathyola mpaka dengu kudzaza osalankhulana. Kenako ndinafunsa monga ananenera anesi. Anakhala pamzere n'kuyamba kulira. Mnyamata uja wakhala akumulanda foni n'kumawerenga mauthenga onse. Ndalama zomwe mwanayu anatenga ku banki m'khonde kuti aonjezere geni yake ya zinanazi, anamubwereka mu Meyi, mpaka lero sanabweze, ndipo akamufunsa amakalipa. Mwezi watha pa msika anamupotokola dzanja pamaso pa anthu chifukwa analonjerana ndi mnzake wa kusukulu. Chipsera ndachiona ndi maso anga, ankachibisa ndi juzi, ine n'kumati ndi chisanu. Ndinamufunsa kuti bwanji sunandiuze. Akuti "Amayi, munali mutagula kale nsalu, ndipo aliyense amamuyamikira kuti ndi waulemu. Ndikanati wandipweteka mukanati banja ndi kupirira. Koma nyenyezi palibe amene akanazitsutsa." Mawu amenewo andipyoza, chifukwa mwina ndikananenadi choncho.

Akulu a Mpingo a ku Likhubula: Mayi, musadziweruze kwambiri, koma chinkhoswe chiime. Chikomekome cha mkuyu. Dzanja lopotokola pa chibwenzi silifewa pa ukwati. Nsalu musoke zovala za kutchalitchi.

Anesi athu: Mubwere naye ndidzaone dzanjalo. Ndipo adziwe kuti kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ngati mnyamatayo ayamba kumuopseza akamva kuti zatha. Masiku oyambirira asamayende yekha madzulo.

Madalitso wa kabaza: Akafuna kupita kumsika andiimbire, ndidzamutenga ndi kumubweza, za mafuta musaganize.

Thoko ku Joni: Amayi, mumuuze kuti Thoko akuti sanalakwe kukana. Mundipatse nambala yake kumbali ngati avomera, ndizicheza naye. Ine pulogalamu ya nyenyezi ya pa foni yanga sindinaichotse, ndisaname, ndinazolowera kuiwerenga m'mawa. Koma ndalama yanga sadzaionanso, ndipo sindidzasiyanso kapena kuyamba chinthu chifukwa cha iyo.

Aphunzitsi a ku Chonde: Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mayi wa pa TikTok uja akanatha kunena kuti nyenyezi zikugwirizana. Ena amalembadi kuti Scorpio ndi Leo ndi chikondi champhamvu. Mwanayu akanamva zimenezo, Ogasiti akanavina ndi chipsera chake m'juzi. Mayi a Chisomo, mumuuze kuti amene anaona zoona ndi iye mwini.

Mphatso: Aphunzitsi, Scorpio weniweniyo tingamuone?

Aphunzitsi a ku Chonde: Mwezi uno wa Julaye ndiye nthawi yake. Chiperoni chikachoka, tuluka cha m'ma 8 kapena 9 usiku, uzimitse tochi, uyang'ane pamwamba pa mutu. Uona nyenyezi yofiirira, dzina lake Antares, ndi mzere wa zina wopindika ngati mchira wa chinkhanira, pafupi ndi Mlalang'amba. Kuno timachiona bwino kuposa a ku Ulaya. Agogo, inu munkachitcha chiyani?

Agogo a ku Muloza: Ndikayang'ane kaye usiku uno, maso anayamba kuchita nkhungu. Mphatso, ukabwera ku Muloza udzagone, ndidzakudzutse m'bandakucha uone Nsangwe.

Mayi a Chisomo: Zikomo nonse. Amalume ake afika mawa kuchokera ku Luchenza, ndawaimbira. Loweruka tikatula nkhaniyi kwa ankhoswe a kuchimuna, ndi ya ndalama za banki m'khonde yomwe. Mwanayu wagona mpaka 7 koloko lero, koyamba m'sabata zitatu. Anesi, tibwera Lolemba m'mawa mukamaweruka.